TaxOnline ndi TaxOnApp za ZRA: pamene zimathandiza ndi pamene zimakusiyani nokha

Munthu amene ali ndi shopu ya nsalu ku Kamwala, saluni ku Mtendere kapena nyumba ziwiri za lendi ku Chelstone safunikanso kukwera minibasi kupita ku Revenue House, likulu la ZRA pa Kabwe Roundabout, kuti akapereke return, fomu yonena ndalama zimene wapeza ndi msonkho wake. Bungwe lotolera msonkho la Zambia Revenue Authority (ZRA) linayamba kulandira ma return pa intaneti kudzera pa TaxOnline mu 2013, ndipo mu 2020 linabweretsa TaxOnline II. Palinso TaxOnApp ya pafoni, komanso nambala ya *858# kwa amene ali ndi foni ya mabatani. Maganizo athu ndi awa: kwa wamalonda wamng'ono amene ali pa turnover tax, msonkho wa pa zogulitsa zonse, njira zimenezi n'zokwanira ndipo palibe chifukwa cholipirira munthu wina kuti azikulemberani mwezi ndi mwezi. Koma kwa amene ali pa income tax, msonkho wa pa phindu, yemwe ayenera kulosera yekha msonkho wa chaka chonse chaka chisanathe, makinawa amangolandira nambala imene mwawapatsa. Nambalayo ikakhala yolakwika amailandira ndithu, ndipo chindapusa chimadza pambuyo.

Kuti mulowe mufunika TPIN, nambala ya manambala khumi imene ambiri anatenga potsegula akaunti kubanki, ndi pasiwedi yanu. Apa pali msampha woyamba. Kukhala ndi TPIN sikutanthauza kuti munalembetsa mtundu wa msonkho. TPIN ili ngati NRC, imangonena kuti ndinu ndani. Mtundu wa msonkho, kaya ndi turnover tax, income tax, PAYE (wodulidwa pa malipiro a pantchito) kapena msonkho wa ndalama za lendi, umalembetsedwa pawokha pansi pa TPIN yomweyo, ndipo tsiku limene mwaulembetsa ndi pamene ZRA imayamba kuyembekezera ma return. Anthu ambiri amene analembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, pofuna kupikisana nawo pa tenda inayake, tenda n'kulephereka, amaiwala kuti akaunti ya msonkho ija ikadali yamoyo. Mwezi uliwonse umene sanapereke kanthu umawerengedwa. Ndiye musanalembe kalikonse, yang'anani kaye mitundu ya msonkho imene ili pa dzina lanu ndi miyezi imene ikuoneka kuti ilibe return. Pa mbali iyi TaxOnline ya pakompyuta imaonetsa zinthu bwino kuposa kagalasi kakang'ono ka foni.

Dziwaninso kuti ndalama imene mumalipira ku Lusaka City Council ya bizinesi, kapena tikiti ya pamsika ku Soweto, si msonkho wa ZRA. Malisiti akewo sangafafanize ngongole ya pa TaxOnline.

Turnover tax ndi imene makinawa amaigwira bwino kwambiri, chifukwa masamu ake ndi amodzi. Mpaka 2024 inali 4 peresenti ya zonse zimene mwagulitsa, kwa mabizinesi osapitirira K800,000 pachaka. Kuyambira Januwale 2025 malire anakwera kufika pa K5 miliyoni ndipo msonkho unakhala 5 peresenti. Return ndi malipiro ake zimafunika pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndiye kuti zogulitsa za Malichi zimalembedwa ndi kulipiridwa pofika pa 14 Epulo. Mumasankha mtundu wa msonkho, mumasankha mwezi, mumalemba ndalama zonse zimene zalowa pogulitsa, makina n'kuwerengera okha msonkho. Munthu wokhala ndi buku lolembedwa bwino amamaliza tiyi asanazizire.

Mawu ofunika pamenepa ndi akuti "zonse zimene mwagulitsa". Si phindu. Tiyerekeze shopu ya ku Kamwala imene m'mwezi wa Malichi 2025 yagulitsa katundu wa K38,400. Katunduyo anapikulidwa pa K31,000, lendi ya shopu ndi K2,500, ndiye chotsala m'manja ndi K4,900. Mwini shopu akalemba K4,900 pa return, makina alandira popanda kufunsa, ndipo iye aganiza kuti wamaliza. Koma nambala yoyenera ndi K38,400, ndipo 5 peresenti yake ndi K1,920. Mu 2025 K12,000 pachaka, ndiye K1,000 pamwezi, inali yosakhomedwa msonkho, choncho chimene makina angaonetse chikhoza kutsikako ndi ndalama yosapitirira K50. Taonani kuti K1,920 pa phindu la K4,900 ndi pafupifupi K39 pa K100 iliyonse ya phindulo. Ichi n'chifukwa chake turnover tax imapweteka ogulitsa katundu wa phindu lochepa, monga shuga, mafuta ophikira ndi ufa, pamene wometa tsitsi kapena telala, amene ndalama yake yambiri ndi ya luso la manja, saimva kuwawa kwenikweni. TaxOnline sikuuzani zimenezi. Amene amaika mitengo pa katundu ayenera kuwerengeratu K5 pa K100 iliyonse ngati gawo la mtengo wopikulira, n'kumaipatula tsiku lililonse potseka shopu, isanasakanikirane ndi mpamba wokaodera katundu wina.

Zolakwika zambiri pa nambala ya zogulitsa zimachokera ku mobile money. Kasitomala akalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndalamayo siilowa m'kabati ya kashi, ndipo wogulitsa amaiwala kuilemba m'buku. Ena amalakwitsa mobwerera kumbuyo: amatenga sitetimenti yonse ya foni n'kuphatikiza chilichonse cholowa, kuphatikizapo ndalama ya chilimba, ndalama imene mlamu watumiza ya maliro, ndi ndalama yawo yomwe imene aichotsa kubanki kuika pafoni. Zimenezi si zogulitsa, ndipo kuzikhomera msonkho n'kutaya ndalama. Njira yabwino ndi kukhala ndi simu ya shopu yokha, komanso buku la mizere itatu: tsiku, za kashi, za pafoni. Lamulo limafuna kuti zolemba za bizinesi zisungidwe zaka zisanu ndi chimodzi, choncho buku lodzaza lisapite kukayatsira mbaula.

Mwezi umene simunagulitse kanthu, mwina shopu inatsekedwa kapena munali kumudzi ku Katete, mumaperekabe return yolemba ziro, imene amaitcha nil return. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kuisiya kumabweretsa chindapusa cha return yochedwa, chimene chimawerengedwa mwezi ndi mwezi ngakhale msonkho weniweniwo uli ziro. Koma musamalembe ziro mwachizolowezi pamene shopu ikugulitsa, makamaka ngati mumagulitsa ku makampani kapena ku boma, chifukwa zimene iwo amalemba m'mabuku awo zimakhala ndi TPIN yanu.

Chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo m'kuona kwathu makinawa akanayenera kuchifotokoza mokuwa, n'chakuti kupereka return ndi kulipira ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mukatumiza return mumalandira chitsimikizo chakuti yafika. Ngongole ikadalipo. Kuti mulipire mumapanga PRN, nambala yolipirira, imene imamangidwa ku mtundu wa msonkho ndi mwezi umene mwasankha, ndipo ndi imeneyo mumalipira nayo kubanki, pa apu ya banki kapena pa mobile money. Popanga PRN m'pamene dzanja limaterereka. Munthu akufuna kulipira za Malichi, chala chagunda Febuluwale, ndalama yapita. Zotsatira zake n'zakuti Febuluwale akuoneka kuti walipiridwa mopitirira, Malichi akuoneka kuti ali ndi ngongole, ndipo chindapusa chikuyamba kumera pa Malichiyo. Kukonza zimenezi kumafuna kupempha ZRA kuti isamutse ndalamayo, ndipo si ntchito ya batani limodzi. Werengani mizere itatu musanatsimikize: mtundu wa msonkho, mwezi ndi chaka. Chaka n'chimene chimaphonyeka kwambiri mu Januwale, pamene mukulipira za Disembala wa chaka chatha.

Mukalipira, sungani uthenga wa pafoni kapena lisiti la banki, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri lowaninso mukaone ngati ngongole ya mweziwo yafika pa ziro. Musadikire pa 14 madzulo. Tsiku lomaliza aliyense amathamangira nthawi imodzi, ndipo mu Lusaka muno magetsi akazima netiweki nayo imayamba kutsimphina. Pa 5 kapena pa 6 buku la mwezi wathawo limakhala litatsekedwa kale, palibe chodikira.

Eni nyumba za lendi njira yawo ndi yofanana ndi iyi. Kale wokhala m'nyumba ndiye ankayenera kudula 10 peresenti pa lendi n'kukapereka ku ZRA, chinthu chimene m'makomboni sichinkachitika kawirikawiri. Kuyambira 2022 udindo uli pa mwini nyumba, ndipo unayamba pa 4 peresenti kwa amene salandira zopitirira K800,000 pachaka. Pa lendi ya K3,500 pamwezi, 4 peresenti ndi K140. Nanonso simuchotsera penti, pampu yamadzi kapena malata amene munasintha.

Ogwira ntchito amene ndalama yawo yonse ndi malipiro a pamwezi alibe zambiri zochita pa TaxOnline, popeza owalemba ntchito ndiwo amadula PAYE n'kuipereka pofika pa 10 mwezi wotsatira. Komabe n'kothandiza kudziwa masamu ake, chifukwa magawo omwewo ndi amene amagwira ntchito pa income tax ya munthu wodzilemba yekha. Mu 2024 ndi 2025 magawo a pamwezi anali motere: K5,100 yoyamba sikhomedwa kanthu, kuchokera pamenepo kufika K7,100 ndi 20 peresenti, kufika K9,200 ndi 30 peresenti, zopitirira apo ndi 37 peresenti. Munthu wolandira K12,000 nthawi zambiri amaganiza kuti 37 peresenti imagwa pa ndalama yonse, ndiye amapeza K4,440 n'kuyamba kudandaula. Ayi. Gawo lililonse limakhomedwa palokha. Pa K2,000 ya gawo lachiwiri ndi K400, pa K2,100 ya gawo lachitatu ndi K630, pa K2,800 yotsala ndi K1,036. Zonse pamodzi K2,066. Msonkhowu umawerengedwa pa malipiro onse pamodzi ndi ma alawansi, osati pa basic yokha, ndipo 5 peresenti ya penshoni ya NAPSA siiyamba yachotsedwa kaye. Ngati payslip yanu ikusiyana kwambiri ndi masamu amenewa, kafunseni ku ofesi ya malipiro. Magawowa amasintha ndi bajeti imene nduna ya zachuma imawerenga ku Nyumba ya Malamulo, kawirikawiri kumapeto kwa Seputembala, ndipo zosinthazo zimayamba pa 1 Januwale, choncho chaka chilichonse yambani mwaona manambala atsopano pa tsamba la ZRA.

Tsopano ku income tax, kumene makinawa amakusiyani panjira. Si aliyense wa ndalama zochepa amene amaloledwa kukhala pa turnover tax. Amene amalandira ndalama za upangiri, omwe timawatcha ma consultant, ndi anthu ochita bizinesi ya partnership, ali pa income tax ngakhale apeze zochepa bwanji. Iwowa ali ndi ma return awiri pa chaka chimodzi. Yoyamba ndi provisional return, imene pa intaneti imafunika pofika pa 31 Malichi, momwe mumanena phindu limene mukuyembekezera m'chaka chimene chikuyendacho. Msonkho wake umagawidwa panayi ndipo umalipiridwa pofika pa 10 Epulo, 10 Julayi, 10 Okutobala ndi 10 Januwale. Yachiwiri ndi return yomaliza, ya manambala enieni, imene imafunika pofika pa 21 Juni chaka chotsatira, pamodzi ndi chilichonse chotsala.

Fomu ya provisional imakufunsani nambala, koma kupeza nambalayo ndi ntchito yanu ya pepala ndi cholembera. Yambani ndi ndalama zimene zinalowa chaka chatha, onjezani makontrakiti amene mwasaina kale, chotsani amene anatha. Kenako chotsani zimene mumawononga pa ntchitoyo: lendi ya ofesi, mabandulo, mafuta a maulendo a ntchito, malipiro a wokuthandizani. Fizi ya ana kusukulu, chakudya cha pakhomo ndi lendi ya nyumba imene mumagona sizilowa. Chotsalacho ndicho mumachidutsitsa m'magawo a pachaka, amene mu 2025 anali K61,200 yosakhomedwa, kufika K85,200 pa 20 peresenti, kufika K110,400 pa 30 peresenti, zotsala pa 37 peresenti. Tinene kuti mukuyembekezera phindu la K180,000. Gawo lachiwiri ndi K24,000, msonkho wake K4,800. Lachitatu ndi K25,200, msonkho wake K7,560. Zotsala ndi K69,600, msonkho wake K25,752. Chaka chonse ndi K38,112, ndiye K9,528 pa miyezi itatu iliyonse. Kuti tsikulo lisakudzidzimutseni, muzipatula K3,176 mwezi uliwonse.

Pali zinthu zitatu zimene zimapotoza masamuwa, ndipo fomu sikuchenjezani pa chilichonse cha izo. Choyamba ndi zida zokhalitsa. Mukagula laputopu ya K16,000 simuichotsa yonse chaka chimodzi ngati mabandulo. Imachotsedwa pang'onopang'ono ngati capital allowance, imene pa zida ndi makina wamba ndi 25 peresenti pachaka, ndiye K4,000 chaka chilichonse kwa zaka zinayi. Amene amachotsa K16,000 yonse amachepetsa phindu lake ndi K12,000 molakwika, ndipo pa 37 peresenti imeneyo ndi K4,440 ya msonkho wosalipiridwa.

Chachiwiri chimagwira anthu amene ali pantchito yolembedwa koma amachitanso za upangiri pambali, monga ambiri a m'mabungwe omwe si aboma ndi aphunzitsi a m'makoleji. Magawo a msonkho aja ndi a munthu mmodzi, si a ntchito iliyonse payokha. Ngati malipiro anu a K12,000 pamwezi anadya kale gawo losakhomedwa ndi magawo awiri apakati, kwacha yoyamba ya phindu la pambali imagwera pa 37 peresenti. Phindu la K40,000 likubweretsa msonkho wa K14,800, osati ziro monga amaganizira amene amanena kuti "sindinafike pa K61,200".

Chachitatu ndi cha uthenga wabwino, ngati mapepala alipo. Kampani ikamakulipirani ndalama za upangiri imadula 15 peresenti ya withholding tax. Pa invoice ya K100,000 mumalandira K85,000. K15,000 ija sinatayike, ndi msonkho wanu wolipiriratu, ndipo imachotsedwa pa zimene muyenera kulipira pa return yomaliza. Koma pa return mumalemba K100,000 ngati ndalama yolowa, osati K85,000, ndipo mufunika satifiketi yosonyeza kuti kampaniyo inaperekadi ndalamayo ku ZRA pa TPIN yanu. Ipempheni mwezi womwewo. Kukaifuna mu Juni chaka chamawa, akauntanti amene anakulipirani atachoka kale pantchito, n'kovuta, ndipo ngati analemba TPIN yolakwika ndalamayo siidzaoneka pa akaunti yanu.

Ena amati bola kulemba nambala yaing'ono pa provisional, zotsala tidzaona mu Juni. Lamulo linatseka khomo limenelo. Msonkho umene munalosera ukachepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a msonkho weniweni, pali chindapusa cha kuchepetsa. Pa chitsanzo chathu chija, ngati chaka chayenda bwino ndipo msonkho weniweni wafika K60,000, magawo awiri mwa atatu ndi K40,000, ndipo K38,112 yanu yaperewera. Mankhwala ake ndi osavuta: provisional return imaloledwa kukonzedwa m'kati mwa chaka. Mukasaina kontrakiti yaikulu mu Ogasiti, lowani mukweze nambala malipiro a Okutobala asanafike. Chimodzimodzi ntchito ikaphwa, itsitseni, musamalipire msonkho pa ndalama imene sidzabwera. Kutha kukonza uku muli pakhomo panu ndi chimodzi mwa zabwino zenizeni za TaxOnline. Kuchedwa kulipira income tax kumabweretsa 5 peresenti ya ngongoleyo mwezi uliwonse, kuphatikizapo chiwongoladzanja chimene chimatsata mulingo wa Bank of Zambia n'kuonjezapo 2 peresenti, choncho K9,528 ikagona miyezi itatu yabereka K1,429 ya chindapusa chokha.

Tinenepo za anyamata a m'ma intaneti cafe ndi m'timaofesi ta m'tauni amene amalembera anthu ma return. Ambiri amadziwa kudina mabatani, ndipo kwa mayi wachikulire amene maso savomera kuwerenga pafoni ndi othandiza. Vuto lili pa zinthu ziwiri. Ena polembetsa amaika nambala ya foni yawo ndi imelo yawo pa akaunti yanu, ndiye mauthenga onse a ZRA, ndi njira yobwezeretsera pasiwedi, zimapita kwa iwo. Mnyamatayo akasamukira ku Solwezi, akaunti yanu yapita naye. Enanso, pofuna kumaliza msanga, amalemba nil return mwezi uliwonse, kasitomala n'kumasangalala kuti salipira kanthu, pamene mlandu wa nambala yabodza uli pa mwini TPIN. Ngati wina akukulemberani, khalani pambali pake, muone nambala imene akulemba, foni ndi imelo zikhale zanu, ndipo ndalama ya msonkho muzilipira nokha ndi PRN, osaipereka m'manja.

Pakati pa njira zitatuzi, *858# ndi TaxOnApp n'zoyenera ntchito zazifupi za mwezi ndi mwezi. Chilichonse chofuna kuona mbiri ya akaunti, kukonza return yakale kapena kulemba income tax chichitidwe pa kompyuta, ndipo chitsimikizo chilichonse chisungidwe m'foda ya chaka chake. Chofooka chachikulu kwa anthu a kuno n'chakuti mafomu ali m'Chingerezi cha akauntanti, chimene ngakhale womaliza Grade 12 amaima nacho. Wogulitsa ku City Market amene amawerengera chenji pamtima mwachangu kuposa kakyuleta amakakamizika kufunsa wina kuti "charge year" ndi chiyani, pamene ndi chaka wamba cha Januwale mpaka Disembala.

Ndalama yolipira akauntanti imabwerera kwa amene ali ndi partnership, amene ali ndi malipiro ndi bizinesi nthawi imodzi, ndi amene zogulitsa zake zayandikira K800,000 pachaka, chifukwa malire amenewa ndi omwe akhala akugwiritsidwa ntchito polembetsa VAT, ndipo VAT imadza ndi Smart Invoice, njira ya ZRA yolembera ma invoice pa makina, komanso return yake ya pa 18 mwezi wotsatira. Amene akufuna tax clearance certificate ya tenda, satifiketi yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ayang'ane akaunti yake milungu ingapo tsiku lotsekera tenda lisanafike, popeza return imodzi ya ziro imene inaiwalika zaka ziwiri zapitazo ikhoza kuimitsa satifiketiyo.